Tsiku limene ndinachotsa T.J. Watt m'timu

Ine ndinaphunzitsapo timu ya mpira ya sukulu ya pulayimale kwathu ku Dedza, zaka zitatu zathunthu, ndipo chaka china tinafika mu semifainolo ya zoni. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse kuti pamene kapitawo wathu kuno ku Pittsburgh ankandipatsa pepala lija, sindinalilandire ngati munthu wamba ayi. Ndinalilandira ngati kochi.

Munali mu Ogasiti 2022. Mwezi umenewu anthu a mumzinda muno mitu siigwira. Timu yawo ya mpira wa ku America (American football), ya Steelers, imapita kukampu ku Latrobe ndi osewera 90, ndipo mwezi usanathe makochi amayenera kupeta mpaka atsale 53. Ndiye aliyense amasanduka mlosi, woyendetsa basi, wometa tsitsi, ngakhale agogo a pawindo. Mosungira katundu momwe ndimagwira ntchito muli mwambo wake. Aliyense amalemba mayina 11 a anthu amene ayambe kumbali yotchinga pa masewero oyamba, n'kuponya madola 10 m'chitini. Wolondola kwambiri amatenga chitini. Wolephera kwambiri amavala jezi ya Cleveland Browns sabata yonse, kuchoka nayo kunyumba, kubwerera nayo. Ngati simukumva kulemera kwa chilangochi, ganizirani munthu wavala ya Manoma n'kukakhala pakati pa Maule pa Kamuzu Stadium, koma osati mphindi 90, masiku asanu.

Madzulo ndinayala pepala patebulo. Mwana wanga wamkazi, wa zaka 12, amene amaonera mpira umenewu ndi anzake akusukulu, anasuzumira.

"Adadi, ndikuthandizeni?"

"Iwe, ine ndinayamba kupanga mafomeshoni amayi ako asanandidziwe n'komwe. Katsuke mbale."

Amayi ake anangoti "hmm" ali kukhitchini. Pa zaka zonse za banja lathu ndinayenera kukhala nditaidziwa "hmm" imeneyo.

Pamwamba pa pepala panalembedwa kuti 3-4. Ndinawerenga zala: asanu ndi awiri. Anayi enawo ali kuti? Sindinavutike. Anthu akuno amakonda kudula mawu, ndiye ndinaona kuti imeneyi ndi 3-4-3 yathu yomwe ija, kuphatikiza goloboyi, 11 kwakwana. Masamu akakwana chonchi munthu sukayikanso.

Goloboyi anapezeka msanga. Pa gulu lonselo okankha mpira ndi mwendo ndi ochepa chabe, ndiye ndinasankha Chris Boswell. Kutsogolo ndinaika omwetsa zigoli atatu, Najee Harris pakati. Larry Ogunjobi ndinamulemba chifukwa dzina linamveka la kwathu ku Africa kuno, ndipo magazi sanama. Cameron Heyward analowa chifukwa neba wathu amavala nambala 97 yake Lamulungu lililonse. Minkah Fitzpatrick anali atamulemba kuti safety, ndipo ndinati timu yopanda wachitetezo si timu.

Kenako ndinafika pa ana a bambo mmodzi, Derek Watt ndi mng'ono wake T.J. Pa dzina la Derek panali mawu oti fullback. Mtima unagwa pansi, poti fullback ndimamudziwa, ndi nambala 2 kapena 3, wotseka kumbuyo weniweni. Koma pa dzina la mng'onoyo panali chinthu chochititsa mantha: sack, 22.5, chaka chimodzi chokha.

Ife tinakulira manyuzipepala a Chingerezi akwathu, momwe mawu amenewo amatanthauza kuchotsedwa ntchito. Kochi akaluza magemu atatu, mawa lake mutu wa nkhani ndi womwewo. Ndiye ndinakhala chete n'kumaganizira mnyamata ameneyu. Kuchotsedwa ka 22 chaka chimodzi! Nanga thekalo? Ndinaganiza kuti mwina anamuthamangitsa m'mawa, achibale n'kukapepesa, masana n'kubwerera. Ine osewera amwano ndinkathana nawo ku Dedza. Ndinadula mzere pa dzina lake, ndipo kuti anthu aphunzirepo kanthu, ndinalemba m'mbali ndi bolopeni yofiira kuti khalidwe ndilo loyamba, luso pambuyo.

Lachisanu nthawi ya nkhomaliro kapitawo anatolera mapepala n'kumawerenga limodzi limodzi mokweza. Atafika pa langa anasiya kutafuna. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. Atatchula Boswell pagolo, mnyamata wina anatsamwa ndi sangweji mpaka anamumenya pamsana. Atafika pa mzere wofiira uja, m'chipinda monse munangoti zii, ngati ndanyoza maliro. Kenako chiphokoso. Wina anagona pansi penipeni, pasimenti, miyendo m'mwamba.

Amene anandimvera chisoni ndi mayi wina woyendetsa folokolifiti, wamkulu ndithu, amene amasunga kathaulo kachikasu ka ochemerera Steelers kotchedwa Terrible Towel pampando wake ngati chithumwa. Anasolola timapaketi ta shuga ndi ta mchere n'kutiyala patebulo.

"Taona kuno, mwanawe. Atatu awa ndi zimphona za kutsogolo, manja pansi. Wapakatiyu ndi nose tackle. Ntchito yake si kuthamanga, ndi kukhala pamenepo ngati chitsa kuti anthu awiri atope naye. Kumbuyo kwawo kuli ma linebacker anayi. Awiri apakati amadikira wothamanga ndi mpira, awiri am'mbaliwa amasaka quarterback, woponya mpira wa timu inayo. Anayi otsalawo sawerengedwa pa dzina la fomeshoni, ma cornerback awiri ndi ma safety awiri, oletsa mipira yoponyedwa. Goloboyi kulibe. Omwetsa zigoli akowo nthawi imeneyi amakhala pabenchi akumwa madzi, chifukwa otchinga ndi gulu lina, ofuna zigoli ndi gulu linanso."

"Nanga fullback?"

"Wa gulu linalo. Amatsegulira njira wothamanga."

Ndinameza malovu n'kufunsa za kuchotsedwa ntchito kuja. Mayiyo anatenga kapaketi ka mchere n'kugwetsa nako ka shuga. Sack, akuti, ndi kugwetsa quarterback asanaponye mpira, ndipo theka limabwera anthu awiri akamugwetsera limodzi. Ma sack 22.5 aja anafanana ndi rekodi ya ligi yonse imene Michael Strahan anaika mu 2001, ndipo T.J. anali atangosankhidwa kumene kukhala wotchinga wopambana onse mu ligi yonse ya NFL. Mwachidule, ndinathamangitsa munthu chifukwa chogwira ntchito kuposa wina aliyense.

Ndinayesa kudzipulumutsa. Mayiyo atawonjezera kuti masiku ano nthawi zambiri nose tackle amatuluka kuti kulowe wachisanu wa kumbuyo, zimene amazitcha nickel potengera kandalama ka masenti asanu, ndinaimirira n'kunena kuti ndiye 3-4 yawoyo n'njabodza, mpikisano uthe, aliyense atenge madola ake. Palibe anandiyankha. Kapitawo anali atayamba kale kundiyeza mapewa ndi maso.

Pa 11 Seputembala Steelers inakasewera ku Cincinnati. Ndinaonera ndi mwana wanga, iye akundifotokozera modekha ngati mmene ankachitira aphunzitsi a Sitandade 1. Otchinga aja anavuta tsiku limenelo. Joe Burrow, quarterback wa Cincinnati, anagwetsedwa kasanu ndi kawiri, Fitzpatrick wanga anawakha mpira n'kuthamanga nawo mpaka kukagoletsa, ndipo anapambana 23-20 mu nthawi yowonjezera. Koma chakumapeto T.J. Watt anatuluka m'bwalo atagwira pachifuwa. Mnofu unali utang'ambika.

Lolemba ndinakwera basi nditavala chijezi chabulauni chija. Ndinalondola atatu okha pa 11, ndipo mwa atatuwo palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamusankha pa chifukwa chanzeru. Woyendetsa basi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osayankha moni. Ndinakonzekera kusekedwa tsiku lonse. Koma nditalowa kuntchito palibe anaseka. Anthu ankandipatukira. Kapitawo anandikokera kuseri kwa mashelefu n'kundinong'oneza:

"Unadziwa bwanji?"

Ndinalumbira kuti sindinadziwe kanthu, kuti ndine mkulu wa mpingo, kuti agogo anga ankangolima mbatata. Zinangoipiraipira, chifukwa munthu wokana kwambiri ndi amene amakayikitsa. Ndipo timu inayamba kuluza. Pa masewero asanu ndi awiri amene Watt kunalibe, anapambana amodzi okha. Lolemba lililonse ndinkapeza kanthu pamalo panga, lero khofi, mawa madonasi, tsiku lina magolovesi atsopano. Ine mfiti ya ku Dedza ndinkangodya. Mwa zonse zimene ndachita kuno, chimenechi chokha ndi chimene amayi akunyumba anati ndachita mwanzeru.

Kumayambiriro kwa Novembala mayi wa folokolifiti anabwera ndi pepala langa lija, atalisunga bwinobwino m'pulasitiki, pamodzi ndi bolopeni. Sanamwetulire.

"Ife zimenezi sitikhulupirira," anatero. "Koma m'bwezeretse."

Anthu anandizungulira. Ndinafufuta mawu ofiira aja, n'kulemba dzina la T.J. Watt ndi zilembo zazikulu, ndipo poti anthu ankayembekezera kenakake, ndinaliuzira mpweya katatu. Pa 13 Novembala munthuyo anabwerera m'bwalo ndipo anagonjetsa New Orleans 20-10. Madokotala anali atanena kalekale kuti abwerera cha nthawi yomweyo, koma ine sindinaone chifukwa chowakumbutsira.

Ogasiti wotsatira ndinali wokonzeka. Ndinakhala ndi mwana wanga masabata awiri, ndikudziwa tsopano nickel ndi dime (ya akumbuyo asanu ndi mmodzi), ndikutha kusiyanitsa linebacker wamkati ndi wam'mbali. Kapitawo anagawa mapepala kwa aliyense, ine n'kundidumpha. Nditadandaula, anapisa m'thumba n'kutulutsa pepala lina, lopindidwa kanayi. Linali la osewera a Cleveland. Anandipatsa bolopeni yofiira, n'kuloza ndi chala pa dzina la Myles Garrett, katswiri wawo wa ma sack.