Nkhwani wotendera anapita ku Scotland

Teremu yathayi, ndili pa ntchito yoyeserera uphunzitsi, anandipatsa Sitandade 6. Kalasiyi imalemberana makalata ndi ana a sukulu ina ya ku Scotland, ndipo ulendo uno nkhani inali ya chakudya: aliyense alembe chimene amadya kwawo ndi kaphikidwe kake.

Nditatolera mapepala ndinagwira pakamwa. Mpunga wa nkhuku, tchipisi, buledi wa majarini. Ana omwewa amene ndimawaona akutafuna chimanga chokazinga pa buleki! Bonongwe, chisoso, nkhwani, palibe ndi mmodzi yemwe anazitchula. Nditafunsa, mtsikana wina anayankha motsitsa mawu: "Aphunzitsi, zimenezo akatiseka nazo."

Ku koleji tinaloweza magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mayeso ake ndinakhoza bwino. Koma sindinkadziwa kuti mwana angathe kunena pamtima kuti bonongwe ali ndi ayironi ndi vitamini A, n'kumamuonabe ngati ndiwo ya osauka.

Anatimasula ndi a ku Scotland omwewo. Kalata ina inafotokoza haggis: mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa, kuzidula tizidutswa, kusakaniza ndi oats (mbewu yonga tirigu) ndi anyezi, kenaka kuphikira m'chifu cha nkhosayo. M'kalasi munali phwete. "Ndiye kuti nawonso amadya zam'kati?" Wina analemba za phala la oats lothira mchere, ndipo ana anga anati limenelo ndi m'bale wake wa likuni phala. Ndinawauza kuti bungwe la Mary's Meals, lomwe linayamba kudyetsa ana a sukulu kuno mu 2002, linachokera ku Scotland komweko. Sanakhulupirire msanga.

Ndinawatuma anawo akafunse agogo awo kaphikidwe ka zakudya za kwathu. Apa ndiye ndinaphunzira zambiri kuposa anawo. Agogo sayeza ndi kapu. Nsinjiro amati "dzanja limodzi", madzi "pang'ono chabe", nthawi "mpaka fungo litamveka". Tinachita kubweretsa kapu ndi supuni m'kalasi, phunziro la zakudya n'kusanduka la masamu. Futali wa mbatata yofiira m'kati, ija ya Kadyaubwerere, anatitengera tsiku lathunthu, chifukwa banja lililonse linali ndi kaphikidwe kake ndipo palibe ankafuna kugonja.

Pa soda pokha ndinalephera. Ndinafotokoza kuti soda ndi chidulo zimapha mavitamini ena m'masamba, koma agogo ena anatumiza uthenga woti thelere lopanda chidulo ndikadye ndekha. Tinalemba njira zonse ziwiri.

Yankho linabwera sukulu ili pafupi kutsekera, ndi chithunzi chomwe. Anayesa kuphika nkhwani wotendera monga tinawalembera, koma masamba a maungu sanawapeze, choncho anaphika sipinachi n'kutendera ndi chiponde cha m'botolo. Mtsikana uja anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenaka anapukusa mutu.

"Ayesetsa, aphunzitsi. Koma ameneyu si nkhwani. Tiwalemberenso."