Malipiro a loya wophunzira ntchito: phunziro la ku England kwa ana a m'chigwa cha Shire

Ku England ndi Wales, munthu asanavomerezedwe kukhala loya wa mtundu wa solicitor (wolangiza anthu pa zamalamulo ndi kuwakonzera milandu) amayenera kugwira ntchito yophunzira kwa zaka ziwiri. Kuyambira 1982 kunali lamulo loletsa kampani ya maloya kulipira wophunzirayo ndalama yochepera mlingo woikika. Pa 1 Ogasiti 2014 bungwe loyang'anira maloyawa, la Solicitors Regulation Authority, lidathetsa lamuloli ponena kuti kuika malipiro si ntchito yake. Panthawiyo mlingowo unali £18,590 pachaka m'katikati mwa London ndi £16,650 kwina konse. Chomwe chidatsala ndi malipiro otsikitsitsa a dziko lonse, omwe wapantchito aliyense sayenera kulandira zochepera pamenepo.

Kuyambira 2015, bungwe loimira maloya la Law Society limalengeza ndalama yomwe likuona kuti ndiyoyenera. Mu 2024 inali £27,418 ku London ndi £24,320 kunja kwa London. Koma ili ndi langizo chabe, kampani yolipira zochepa palibe amaipatsa chilango. Apa ndiye pagona vuto. Mwana wa munthu wolemera amavomera malipiro ochepa chifukwa kwawo amulipirira nyumba. Mwana wa mphawi amasiya, ngakhale atakhoza bwino kuposa anzake.

Ife kuno tisaone ngati nkhaniyi ndi yakutali. Mwana wa mlimi wa thonje ku Ngabu kapena wa wodula nzimbe ku Nchalo akamaliza maphunziro a zamalamulo, ntchito amakaipeza ku Blantyre kapena ku Lilongwe, komwe kuli makampani ambiri a maloya. Loya watsopano saloledwa kutsegula ofesi yakeyake nthawi yomweyo, amayamba kaye pansi pa loya wamkulu, choncho mphamvu yokana malipiro ochepa imakhala yochepa. Lendi, suti yopitira kukhoti, basi ya tsiku ndi tsiku, zonse zili pa iye, ndipo kumudzi akuyembekezeranso kuti awathandize madzi akakokolola mbewu.

Chomuteteza pano ndi lamulo la zantchito, Employment Act ya 2000. Munthu amene walembedwa ntchito sayenera kulandira zochepera malipiro otsikitsitsa omwe boma lalengeza, ndipo mu 2024 adafika K90,000 pamwezi. Ndalama imeneyi kwa loya ndi yochepa zedi, koma pansi pa mlingo womwe boma lalengeza palibe ayenera kutsika. Lamuloli limafunanso kuti wolemba ntchito apereke kalata yofotokoza malipiro ndi zina za mgwirizano. Ambiri amagwa apa: amayamba ndi mawu apakamwa oti "tikupatsani kaalawansi kaye", miyezi n'kumapita popanda pepala, ndipo pakabuka mkangano bwana amati munthuyo ankangophunzira, sanali wantchito.

Musanasaine, kalatayo inene malipiro asanadulidwe msonkho, tsiku lolandirira, ndi penshoni, yomwe olemba ntchito amaikako 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti. Funsaninso za maulendo. Kukaimira mlandu kukhoti la majisitireti ku Nsanje kuchokera ku Blantyre ndi kutsika Thabwa, kudutsa Chikwawa, Nchalo ndi Bangula, ndipo mlandu ukaimitsidwa mumagona komweko kapena kubwereranso tsiku lina. Ndalama yoyendera ndi yogonera ituluke ku ofesi musananyamuke, isachoke m'thumba mwanu. Sungani malisiti ndi mapepala a malipiro, chifukwa ndi omwe ofesi ya zantchito pa boma komanso khoti la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court adzafune kuona.