Ndinapita ku Harare kukaonetsa ka app kanga, agogo ena anakagwetsa pansi

Abale ndabwerako. Amene mumandifunsa pa WhatsApp kuti mwasowa bwanji, ndinali ku Harare. Masiku atatu ku msonkhano wa za tekinoloje, masiku awiri kumudzi kukapumitsa mutu, ena otsalawo anathera mu basi. Inde mu basi, ya ndege panalibe. Kunyamuka pa Blantyre m'mamawa, Mwanza, Zobue, kutsetserekera ku Tete komwe kutentha kwake munthu umachita kumva ngati akukuwamba pa mbaula, kuwoloka Zambezi, mpaka Nyamapanda. Mtunda wake ndi makilomita ngati 600 basi koma maboda ndi amene amadya tsiku, kutsika, mzere, chidindo, kukwera, kuyenda pang'ono kutsikanso. Tinalowa mu Harare usiku, miyendo itatupa ngati zigumu.

Hotela sindinagone ayi. Ndinafikira kwa msuweni wanga ku Mufakose, iyeyo anabadwira konko, ku Malawi anangopondako kawiri pa maliro. Chichewa amayankhula koma chake chija chosakaniza. Usiku womwewo ndangokhala pansi akundifunsa kuti asuweni mukufuna mvura? Ine n'kumayang'ana kudenga kuti mvula yanji mu Okutobala muno. Kani pa Chishona mvura ndi madzi akumwa omwe. Tinaseka mpaka ana kudzuka.

M'mawa kukwera kombi kupita ku tauni, minibasi zawo amazitcha choncho. Kondakitala wake ndi yemweyu wa kwathu, mutu pawindo, kukuwa, kupanikiza anthu anayi pa mpando wa atatu. Chosiyana ndi ndalama. Uko amagwiritsa dola ya Amerika pamodzi ndi yawo yatsopano ija ya ZiG imene inayamba mu Epulo 2024, ndiye nkhani ya chenje ndi mutu waching'alang'ala. Dola imodzi ija imakhala yakuda, yofewa ngati kansanza kopukutira mbale, koma ikuyendabe. Mu shopu ukagula kanthu chenje chikasowa amangokuuza kuti tengani switi kapena bolopeni. Ine ndabwera ndi mabolopeni anayi. Koma tauni yokha ndi yokongola musanamizidwe, nyengo imeneyi mitengo ya jakaranda imakhala yachita maluwa, misewu yonse pepo pansi ndi m'mwamba momwe. Ndinapatukiranso pa Eastgate, nyumba ija anaimanga mu 1996 potengera m'mene chulu chimapumira kuti mkati muzizizira popanda ma eyakoni ambirimbiri. Chiswe chinayamba kale uinjiniya ife tisanabadwe.

Za msonkhanowo ndisataye nthawi kwambiri chifukwa amene munapitako ku misonkhano yotere mukuidziwa. Kachingwe ka m'khosi kokhala ndi dzina, tiyi wa 10 koloko, anyamata a ma laputopu odzadza ma sitika, aliyense ndi CEO wa kampani ya anthu awiri. Tsiku loyamba linali la ndalama za pa foni. Apa a Zimbabwe ali ndi zokamba ndithu, EcoCash inayamba mu 2011 ndipo nthawi imene ndalama zogwirika zinasowa m'mabanki anthu ankagula tomato ndi foni. Ifenso tili ndi Airtel Money ndi Mpamba ndiye sindinali mlendo. Tsiku lachiwiri nkhani ya netiweki ndi magetsi, Starlink, intaneti ija ya pa setilaiti, pakamwa pa aliyense popeza inalowa kwawoko mu 2024, ife a Malawi tinawatsogolera, yathu inafika 2023, ndipo ndinaonetsetsa kuti aliyense amene ndinamwa naye tiyi wamva zimenezi kkkk. Ali mkati mofotokoza za tsogolo la intaneti magetsi anathima, holo yonse mdima, anthu m'malo modandaula anangowomba m'manja kudikira jenereta. Madzi akachepa ku damu la magetsi la Kariba zimawavuta ngati m'mene ifenso zimatikhalira Shire akachepa kapena akadzadza zinyalala ku Nkula. Ndinamva ngati ndili kwathu.

Chimene ndinapitira ine ndi tsiku lachitatu, la AI (makompyuta ophunzira kuchita zinthu ngati munthu) ndi zilankhulo za mu Africa. Amene mumanditsata mukudziwa kuti kwa chaka ndi theka tsopano ine ndi anzanga awiri takhala tikupanga ka app komamvetsera munthu akuyankhula Chichewa n'kulemba zimene wanena. Ganizo lake ndi loti mlimi atumize voice note kufunsa za mbozi m'chimanga kapena mtengo wa soya, osavutika ndi kutaipa. Kuti kamakina kotere kaphunzire umayenera kukapatsa maola ambirimbiri a mawu ojambulidwa pamodzi ndi zolemba zake, mawu uku zolemba uku, mpaka kazolowere kuti phokoso ili ndi liwu lakuti. Ife mawu athu tinawatenga kuti? Kwa anzathu a ku Blantyre ndi Lilongwe, ambiri opita kusukulu, akuwerenga ziganizo pa sikirini m'chipinda chopanda phokoso. Gwirani pamenepo, tibwererapo.

Anandipatsa mphindi khumi. Ndinayankhula mu maiki kuti ndikufuna kudziwa mtengo wa feteleza, mawu anatuluka pa sikirini bwinobwino opanda cholakwika, anthu m'manja phwaphwaphwa. Ndinatupa mutu abale, ndisaname. Panali ena a gulu la Masakhane, lija la anthu odzipereka amene akulimbana zoti zilankhulo zathu zilowe m'makompyuta, tinacheza bwino, n'kumakumbutsana kuti Chichewa chinalowa pa Google Translate mu 2014, Chishona 2016. Mtsikana wina wa konko anadzutsa dzanja n'kufunsa ngati ka app kangamve Chichewa cha ku Zimbabwe. Ine osaganiza n'komwe ndinangoti Chichewa ndi Chichewa basi. Anangomwetulira n'kukhala pansi.

Loweruka msuweni wanga anati tiyeni ku Domboshava mukaone mapiri, komanso tikawaone agogo awo a akazi anga. Ndi pafupi, makilomita ngati 30 kumpoto kwa tauni. Umadutsa Borrowdale kwa anthu a ndalama, mipanda italiitali ya magetsi, agalu onenepa kuposa ine, kenako Hatcliffe, kenako mwadzidzidzi tauni yatha, wayamba kuona madimba, ngolo za ng'ombe, amayi ndi milu ya tomato m'mbali mwa msewu. Masamba ambiri amene amagulitsidwa pa Mbare Musika amachokera dera limeneli.

Phiri lake si phiri ngati Mulanje ayi, ndi thanthwe limodzi lalikulu loterera ngati msana wa njovu, lamawangamawanga ofiira, achikasu ndi obiriwira chifukwa cha ndere zomera pamwala. Umakwera motsata mivi yopentedwa pansi, dzuwa likuswa mtengo, mwala ukutentha mpaka kudutsa soli ya nsapato. Kuseri kuli phanga la zojambula zamakedzana, nyama ndi anthu a mauta, zofiirira, zina zikufufutika. Zinandikumbutsa Chongoni ku Dedza kumene ndinapitako ndili ku sekondale ndipo sindinabwererekonso, manyazi ake, malo oti UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006 ine mpaka ndikachite kusirira za eni. Pamwamba pake mphepo yokha, uku ukuona phiri la Ngomakurira patali, netiweki kadontho kamodzi. Ndinakhala pansi theka la ola osagwira foni, zimene sizinachitikepo chaka chino.

Tsopano agogo aja. Amakhala chapansi pang'ono, kanyumba ka njerwa zosawotcha, kasola kamodzi padenga kotchajira foni ndi wailesi, dimba la repu ndi anyezi kuseri. Tinawapeza akhala pa mpando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango akusoka thumba. Msuweni wanga atangoti awa achokera ku Malawi, anasiya singano n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Kwanu n'kuti mwana wanga?"

Ndinati ku Blantyre agogo.

"Iyayi, ku Blantyre n'kuntchito. Ndati kwanu."

Ndinachita kutchula mudzi wa amayi anga, mfumu yake, ndi mfunda womwe. Apo ndiye anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kuitanitsa mpando.

Iwowa anachoka ku Dedza ali mnyamata nthawi ya Chitaganya, chija cha 1953 mpaka 1963, akuti Nyasalande kunalibe ntchito koma msonkho wokha. Anayenda njira yomweyo ndinadutsa ine pa basi, kwina pansi kwina pa lole, n'kukathera ku mapulazi a fodya cha ku Mazowe. Mapulazi ndiwo ma esiteti. Anagwira kumeneko moyo wawo wonse, anakwatira konko, ana kubadwira mu komboni. Ndi aja kwathu timawatcha matchona. Eni dziko ankawatcha Mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, kaya ndiwe wa ku Dedza kaya wa ku Mangochi. Pamene minda ya azungu inkalandidwa kuyambira 2000, antchito ambiri a mtundu wathu anangotsala pamtetete, ntchito yatha, nyumba ya pa komboni yapita, mudzi wobwererako palibe. Anandionetsa chitupa chawo chakale cha chitsulo, pali chilembo A, kutanthauza mlendo, munthu woti wakhala m'dzikomo zaka zoposa 60. Malamulo a dziko a 2013 ndi amene anakonzako zina, ndipo m'menemo Chichewa chinalembedwa pa zilankhulo 16 zovomerezeka za Zimbabwe. Izi ine wa ma kompyuta a Chichewa ndinazimvera pansi pa mango, osati ku holo kuja.

Titadya nsima, iwo amati sadza koma agogo anakana kuti pakhomo pano ndi nsima, ya nkhuku yachikuda ndi repu wotendera, msuweni wanga anayambitsa zoti asuweni aonetseni agogo makina anu aja. Ine ndi matama a dzulo lake ndinatulutsa foni. Ndinati agogo yankhulani chilichonse, iyi ilemba.

Anaigwira foni ngati akugwira dzira. Anakhosomola kaye. Kenako anayamba kufotokoza m'mene anawolokera Zambezi, Chichewa chakuya chija cha ku Dedza chimene ndinachimva komaliza kwa agogo anga, mawu ena oti ine ndemwe ndimachita kufunsa, koma pakatipakati akuponyamo basa m'malo mwa ntchito, mari m'malo mwa ndalama, musha m'malo mwa mudzi, Harare akuitchula Sozibele, dzina lakale lija la Salisbury, apo ndi apo ka Chilapalapa, kachiyankhulo kosakaniza ka akapitawo a ku pulazi. Mano atsala ochepa, tambala akulira kumbuyo, mbuzi nayo ikuyankhira.

Zimene zinatuluka pa sikirini abale, Mulungu yekha. Pamene anati tinafika pa Sozibele kamakina kanalemba kuti tinaphika sosi bere. Basa kanalemba basi paliponse, ndiye nkhani yonse inaoneka ngati agogo anakhala zaka 40 akufunafuna basi. Chiganizo china kanangosiyiratu, mzere wopanda kanthu, ngati kakuti izi ine ayi. Mdzukulu wawo wina anawawerengera mokweza, bwalo lonse kugwa nako kuseka, agogo mpaka misozi. Atapuma anati, "Makina akowa ndi mwana wa m'tauni eti? Sanakhalepo ndi akulu."

Ndinakumbuka mtsikana uja ndi kumwetulira kwake. Ndinayankha mwamwano ndithu tsiku lija, ndipo nambala yake sindinatenge kuti ndimupepese.

Mutu wa ntchito unandibwerera pompo, ndinaganiza kuti mawu ngati awa ndi amene tikusowa, ndiwajambule ola limodzi ndikaphunzitsire kamakina. Nditawapempha anandifunsa funso limene pa masiku atatu a msonkhano palibe analifunsa molunjika chonchi. Anati mawu angawa ukapita nawo kuti, akawamva ndani, nanga iwe ukadyapo ine ndidyapo chiyani? Ndinayamba kufotokoza za data, za seva, ndinaona ndekha kuti ndikungozungulira. Fomu yathu yopempha chilolezo ili m'Chingerezi, masamba awiri, ndinailemba ndine. Munthu anagulitsa mphamvu zake zonse ku fodya wa eni n'kutsala ndi chitupa cha A, lero kwabwera mdzukulu wa ku Blantyre ndi foni kudzatenganso mawu, mwaulere. Ndinabweza foni m'thumba.

Madzulo tikuwotha moto, ana akukamba za zvigure, ndi m'mene amatchulira gule wamkulu kumeneko ndipo akuti ku Mufakose ndi ku Mbare amatulukabe pa maliro, agogo anandikodola. Anati tulutsa kanthu kako kaja. Osati ka makina ako olemba zabodza, kongojambula mawu. Ndiyankhule ndi a kwathu.

Anayankhula mphindi 47. Anatchula mudzi, mfumu imene inalipo nthawi imeneyo, mtsinje umene ankasambako, mayina a alongo awo awiri amene anawasiya ali atsikana, mtengo wa mkuyu umene unali pa bwalo. Anati ngati alipo wina wa mbumba imeneyi adziwe kuti sindinafe, ndili kuno, ndili ndi zidzukulu 14. Pena amasiya n'kukhala chete nthawi yaitali ine osadziwa ngati ndizimitse. Anandilamula kuti izi si za makina, ukawamvetsere anthu ndi makutu awo.

Pobwerera fayiloyo ndinaimvetsera pa Nyamapanda tikudikira chidindo, mahedifoni m'makutu, nkhuni zikuthetheka kumbuyo kwa mawu awo. Anzanga awiri aja atamva kuti ndili ndi fayilo yotere maso anachita kutuluka, ndawauza kuti iyi musaiwerengere, sikulowa mu foda ya pulojekiti. Fomu ija ndayamba kuilembanso m'Chichewa ndipo ikundivuta kuposa kulemba khodi ya app. Mwezi wamawa ndikalandira ndikwera ya ku Dedza, dzina la mudzi ndalilemba kuseri kwa kabaji ka msonkhano kaja, ndi imodzi mwa mabolopeni a chenje. Pa Google Maps mudziwo sukupezeka, ndiye ndikayambira kufunsa a kabaza pa boma.