Za Junior uja, bola ndifotokoze ndekha

Popeza ena mwayamba kale kundiitana kuti "bambo ake a agogo" ndikamadutsa pa msika wa Bvumbwe, ndati ndinene ndekha, chifukwa zomwe akufalitsa mlamu wanga zija theka lake ndi mchere wowonjezera. Thewera sindinamuveke galu ine. Kanali kachitenje basi, ndipo kunali chiperoni.

Kagaluko ndinakatola mu Juni, m'ngalande m'mbali mwa munda wa tiyi, katanyoweratu, kakunjenjemera, kukula kwake ngati nsapato yanga yopitira ku tchalitchi. Ndiye poti ine ndinakulira kwa agogo aamuna omwe mbuzi ankangoiyasamitsa n'kukuuza zaka zake mwini wake asanayambe kunama, ndinati nzeru zake ndi zomwezi. Ndinakayasamitsa. Kutsogolo konse nkhama zokhazokha. Pomwepo ndinagamula: masabata atatu, mano sanamere. Dzina Junior.

Mawa lake ndinagula botolo la mwana, mkaka waufa ndi Likuni phala, ndalama yomwe inali ya ndiwo za sabata yonse. Usiku ndinkadzuka kawiri kukayamwitsa, zomwe ana anga enieni sindinawachitirepo, ndipo mayi a kunyumba sanaiwale kundikumbutsa zimenezo.

Zizindikiro zinalipo, ndikuvomera, koma chilichonse ndinali nalo yankho lake. Mayi akuti "kagalu kanu kakuyenda ngati ka nyamakazi", ine ndikuti kakuphunzira kuyenda. Akuti pakamwa payera, ine ndikuti ndi phala. Kugona tsiku lonse, ana amatero. Kukaitana osatembenuka, dzina sikanalizolowere. Tsiku lina ndinakaponyera kampira kuti kasewere, kanangoyang'ana mpirawo, kenako kundiyang'ana ine, n'kuusa moyo, mausidwe ake omwe aja a mfumu ikamamva mlandu wa malire a munda kachisanu. Apo pokha ndinakayika pang'ono koma ndinati mwina ndi kamwana kofatsa.

M'mawa uliwonse ndinkaunika m'kamwa ndi tochi ya pafoni. Sabata yachitatu ndinapeza mano angapo kumbuyo kwenikweni, ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndinakuwa mpaka aneba anatuluka. Amera! Inu a pa gulupu ya WhatsApp chithunzi munachiona, ena munaikapo timitima, lero mukuseka ngati munadziwa kale. Pakhoma ndinkalemba mzere ndi khala kuti ndione momwe akukulira. Miyezi inayi mzere uli pomwepo. Ndinkauza anthu kuti mtundu wake ndi wa apolisi uja, umachedwa kuyamba koma ukayamba sumaima.

Ndiye kunabwera katemera wa chiwewe mu Okotobala, pabwalo la sukulu. Ine ndimadziwa kuti mwana wa galu amabayidwa akakwanitsa miyezi itatu, ndiye ndinapita monyadira, Junior m'kachitenje kaja, botolo m'thumba. Mzere wautali, anyamata ndi agalu awo osakira mbewa atawamanga ndi luzi. Nditafika, a vetenale anafunsa zaka.

"Miyezi isanu, adokotala."

Anamuyasamitsa. Zii. Anandiyang'ana, anayang'ananso m'kamwa, anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya, kuvalanso, kuyang'ananso. Kenako anaitana mnzawo amene amalemba m'kaundula. Mnzawoyo anasuzumira, n'kupita kuseri kwa mtengo wa mapeyala, mapewa okha akugwedezeka. Mzere wonse unasiya kukhala mzere, unasanduka bwalo, ine pakati, mwana wanga atayasama.

"Achimwene," anatero a vetenale mofatsa ngati akupepesa maliro, "mwana wa galu mano amayamba kumera ali ndi masabata atatu kapena anayi. Pofika miyezi iwiri amakhala nawo 28, oyera mbee, akuthwa ngati singano. Amenewo amaguluka, pofika miyezi 7 amakhala ndi mano aakulu 42. Awa ali nawo 6."

Apa ndi pomwe ndikanangokhala chete. Koma pakamwa panga sipamva.

"Ndiye 36 otsalawo amera liti?"

Amwene. Mayi wina anakhala pansi penipeni. Mwana wa sukulu anagwetsa chigumu chake. Ngakhale agalu a mbewa aja ndikulumbira anandiyang'ana mwachisoni. A vetenale anati mano a awa anamera kalekale, anagwira ntchito, anapuma pa ntchito, ndipo penshoni anadya n'kutha. Anandionetsa kamtambo kotuwa m'maso mwake, akuti kamayamba galu akamafika zaka 7 kupita m'tsogolo. Zoyera za pakamwa zija anazipukuta ndi chala pamaso pa anthu onse. Sizinachoke. Imvi.

Anati zaka zapitirira 10, koma zenizeni sangatchule, chifukwa galu akakula mano amaperepeseka malinga ndi zomwe amatafuna, wa mafupa ndi wa nsima safanana. Mwamva? Ngakhale munthu wa sukulu yake sanathe kutchula nambala. Ine ndinangophonya mbali, iwo mano kulibe, ine mano kulibe, tinaona chinthu chimodzi.

Bwenzi zitathera pomwepo pakanapanda agogo ena aakazi omwe anabwera ndi mphaka m'thumba la feteleza. Anayandikira, anawerama, n'kukuwa ndi mphamvu zonse, "Tiger!" Galu amene miyezi inayi sanandiyankhepo anadzutsa khutu limodzi n'kugwedeza mchira. Agogowo akuti ndi wa malemu ena a ku Goliati, ndipo akuti pa maliro a Bingu ku Ndata galu ameneyu analipo, ankatola mafupa kumbuyo kwa matenti. 2012 imeneyo. Mnyamata wina anatulutsa foni, 13 kuchulukitsa ndi 7, n'kulengeza kuti 91. A vetenale anayesa kunena kuti masamu a 7 amenewo si olondola kwenikweni komanso agalu ang'onoang'ono amakhalitsa, koma ndani ankamva. 91 inali itafika kale pa msika.

Chomwe chikundiwawa ine si kusekedwa ayi. Miyezi inayi ndakhala ndikunena kuti "iwe" kwa munthu wamkulu kuposa apongozi anga. "Iwe tabwera kuno." "Iwe wakodzanso m'nyumba?" Kaya tsoka lake lidzandipeza liti. Pano ndikamadutsa pakhonde ndimapereka moni bwinobwino, mwadzuka bwanji agogo, iwo amangotsegula diso limodzi. Ana anasiya kuwatchula Junior, mayi a kunyumba akati "apatseni madzi achikulire" aliyense amadziwa kuti sakunena ine.

Mzere wa khala uja ndinafufuta. Koma botolo akukana kulisiya, nsima yofewa akungoinunkhiza n'kutembenuka, ndipo mkaka waufa mtengo wake mukuudziwa nokha. Mlamu, m'malo moyendayenda ndi nkhani yanga, bweza kaye kachitenje kaja, akumva kuzizira usiku.