Tombolombo pa bango, ine ndili pa mtunda

Lenzi ya macro, yojambulira tinthu ting'onoting'ono pafupi, ine ndilibe, yodula ija. Ndili ndi lenzi yokokera zakutali ya 70-300mm yakale yomwe ndinagulira mbalame za ku Lengwe, ndiye Loweruka ndinangoti tiyeni tikayese pa tizilombo kudambo la Elephant Marsh, cha ku Nchalo kuno.

Ndinalawirira kusanatenthe, chifukwa kuno ikangokwana 9 dzuwa limakhala lalusa kale, tizilombo tayamba kuthamanga ngati tamwa kachasu, komanso mpweya umanjenjemera ndi kutentha chithunzi nkutuluka chofuwa. M'mawa tombolombo amakhala waulesi, mapiko ali ndi mame.

Cholakwa choyamba: ndinamuyandikira kwambiri tombolombo wina wofiira. Lenzi yanga siigwira fokasi pansi pa mita imodzi ndi theka, ndiye imangolira zwii zwii kupita kubwera osagwira kanthu, mpaka tombolombo wofiira uja anauluka. Ndinabwerera mmbuyo mapazi atatu, nkukhala pansi pouma. Apa ndiye ndinaona ubwino wa lenzi yokokera zakutali, sulowa m'matope komanso suyandikira madzi, paja kuno ng'ona si nthano ayi.

Ndiye ndinadikira. Tombolombo ali ndi khalidwe lake, akauluka kukagwira udzudzu amabwereranso pa bango lomwe lija, nsonga yomweyo. Ndinazimitsa otofokasi, ija kamera imasaka yokha fokasi, chifukwa imangothamangira mabango akumbuyo, ndinapotoza ndi dzanja mpaka nsonga ya bango inaoneka bwinobwino, zigongono nditatsamira pa maondo. Zumu pa 300, shata (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) pa 1/1000 ya sekondi poti pa 300 dzanja likangonjenjemera pang'ono zonse zaonongeka, kabowo ka lenzi pa f/8 kuti mutu ndi mchira zigwire fokasi limodzi, ISO (yothandiza kuti chithunzi chisade) ndinaikweza kufika 800. Ndinasunthanso pang'ono kuti ndimuone chammbali, akakuyang'ana maso amagwira koma mchira umasungunuka.

Anabwera. Kamphepo nkuyamba kugwedeza bango, eeh! Ndinangopanikiza batani osasiya, zithunzi mwina makumi atatu, zabwino zinatuluka ziwiri zokha. Koma ziwirizo timitsempha ta mapiko tikuoneka ngati ukonde wa asodzi, kumbuyo kuli kobiriwira kosalala, ngakhale bwato lomwe linali uko silikuoneka.

Bambo wina amatsika m'bwato ndi mlamba wake anandifunsa, "Achimwene, mukujambula mvuu kodi?" Nditawaonetsa pa sikirini anaseka, akuti chipaipi chonsecho chifukwa cha tombolombo. Pofika 10 koloko malaya ali chonyowa ndi thukuta, ndinapakira nkukasaka madzi ozizira pa msika.