Lipenga langa linanunkha chipisi

Ine ndinkadziona dolo aise. Nditagula lipenga lakale kwa mkulu wina ku msika wa Tsoka, mlamu wanga akuti upeze wokuphunzitsa, ine ndikuti mphunzitsi wachiyani, mabatani ndi atatu okha, gitala ndiye yovuta ili ndi zingwe 6. Ndinagula bandulo ya YouTube basi.

Tsiku loyamba ndinkangouzira ngati ndikukoleza mbaula, kumangotuluka fuuu. Kenako ndinamva kuti milomo iyenera kunjenjemera mu mouthpiece, kachitsulo kouzirapo kaja, prrrr ngati mwana akuyendetsa galimoto ya mawaya. Nditatero lipenga linalira ndithu, koma kulira kwake kwa ng'ombe yoti yaona mpeni, ndipo nyumba zathu ku Area 25 ndi zamdadada khoma limodzi, ndiye mayi a landilodi anatulukira ndi chitenje m'manja kufunsa kuti chagwa n'chiyani.

Patatha sabata batani lapakati linayamba kukanirira. Mafuta ake enieni ndinalibe, ndinati mafuta ndi mafuta, ndinamasula ma valve onse atatu, tizitsulo ta pansi pa mabatani, ndi kuwapaka ophikira, omwe aja anatsala titakazinga chipisi, kenako ndikubwezera mmene ndinaonera ine.

Loweruka ndinaitana anzanga a kwaya kuti amve, pamodzi ndi mtsikana wina amene ndinkamufuna. Ndauzira, zii. Ndauziranso, masaya ngati chule, maso psuu, mpweya osadutsa olo pang'ono. Kachitatu ndinakoka mpweya wonse wa mu Lilongwe muno nkukankha ndi mphamvu zanga zonse, ndipo mpweyawo unatulukadi koma osati ku lipenga. Unatulukira kumbuyo. Wa bass anati imeneyo ndi key yabwino.

Madala ena oyandikana nafe, amene ankaimba mu bandi ya asilikali kalekale, anabwera akuseka mpaka kutsokomola. Anamasula nkundionetsa kuti valve iliyonse ili ndi nambala yake, 1, 2, 3, ine ndinaika 3 pamalo pa 1 ndiye mabowo sankakumana. Ananunkhiza nkufunsa, "Mwanawe, umaimbira kapena umakazingira?" Kenako anatsegula kachitseko kotulutsira madzi, mate a sabata yonse chooo pa nsapato yanga yopita nayo kutchalitchi.

Pano ndimapita kwawo Loweruka lililonse nditanyamula paketi ya shuga. Sabata yachitatu ino lipenga analitsekera mu wadiropu, andipatsa mouthpiece yokha, ndikungopanga prrrr pansi pa mtengo wa mango ana akundiwonerera.