Kuchotsa manambala obwereza mu array yosanjidwa osapanga ina

Funsoli ndi la nambala 26 pa LeetCode, webusaiti yomwe anthu amayeserapo luso lolemba code, ndipo analiika m'gulu la mafunso osavuta. Akupatsa array (mndandanda wa manambala, lililonse pa malo ake otchedwa index, kuwerenga kuyambira pa 0) yomwe manambala ake asanjidwa kale kuyambira laling'ono kukafika lalikulu, ena abwereza, ndiye uchotse obwerezawo mu array yomweyo, usapange ina yatsopano, kenako ubweze k yemwe ndi kuchuluka kwa manambala osafanana omwe atsala.

Chomwe chandisangalatsa n'chakuti palibe chomwe umafufuta kwenikweni. Array ya mu Java kapena C siifupika, ikapangidwa ndi malo 8 imakhala ya malo 8 mpaka kale. Ndiye chomwe ungachite ndi kungolemba pamwamba pa zomwe zilipo basi. Ku Python munthu angaganize zogwiritsa ntchito remove kapena pop mkati mwa loop, koma ukachotsa chinthu pakati pa list zonse za kumanja kwake zimasuntha malo amodzi, ndiye pa manambala 100,000 omwe ambiri ndi obwereza kusunthako kutha kufika cha m'ma 5 biliyoni, komanso loop imayamba kudumpha manambala ena poti ma index asintha iwe uli mkati moyenda. Nanga set, chosungira chomwe sichilola chinthu kuoneka kawiri? Imachotsadi obwereza koma imadya memory yake yapadera, ndipo dongosolo la manambala siyikulonjeza kuti ilisunga.

Njira yake ndi ma pointer awiri, ine ndimangowaona ngati zala ziwiri, china chowerenga china cholemba. Chowerenga, i, chimayenda pa nambala iliyonse osaima. Cholemba, k, chimasuntha pokhapokha pakapezeka nambala yatsopano. Mu Python, array ija tikaitcha nums, code yake ndi iyi:

k = 1
for i in range(1, len(nums)):
    if nums[i] != nums[k-1]:
        nums[k] = nums[i]
        k += 1
return k

Tiyese ndi 2, 2, 5, 5, 5, 8, 9, 9. 2 woyamba akhala pomwe ali. 2 wachiwiri akufanana naye, timudumpha. 5 ndi watsopano, timulemba pa index 1, ma 5 awiri otsatirawo tiwadumpha, 8 apita pa index 2, 9 pa index 3. Pamapeto array ikuoneka chonchi: 2, 5, 8, 9, 5, 8, 9, 9 ndipo k ndi 4. Zakumchirazo ndi zinyalala chabe, palibe amene azaziwerenge. Ulendo umodzi wokha, O(n), kutanthauza kuti ntchito imakula molingana ndi kuchuluka kwa manambala, ndipo memory yoonjezera ndi O(1), kutanthauza kuti siikula ngakhale array ikule. Array ikakhala yopanda kanthu kumbukirani kubweza 0 musanayambe, apo ayi k = 1 uja anama.

Zonsezi zikutheka chifukwa cha kusanjidwa kuja. Manambala ofanana amakhala moyandikana, ndiye sufunika kukumbukira onse omwe waona, wongolembedwa komalizayo ndi wokwanira. Mukaipatsa 2, 5, 2 code yomweyi ibweza 3 osadandaula n'komwe. N'chifukwa chake pa Linux anthu amalemba sort (yosanja mizere) kaye kenako uniq (yochotsa mizere yobwereza), poti uniq imangoona mizere yoyandikana. Ngakhale std::unique ya C++ imachita chimodzimodzi, imakankhira osafanana kutsogolo n'kukubwezera pomwe athera, kudula mchira ndi erase ndi ntchito yako.

Pomwe ndakhalitsa kwambiri ndi pa nums[k-1] paja. Ena amafananiza nums[i] ndi nums[i-1] ndipo pa funso ili zimagwira bwinobwino, koma kwa ine ndi chizolowezi chosathandiza, chifukwa ukafika pa funso la nambala 80, lomwe limalola nambala iliyonse kuoneka mpaka kawiri, zimakutembenukira. Tengani 4, 4, 4, 7, 7, 9 muzifananiza ndi nums[i-2]. 4 wachitatu mumudumpha, 7 woyamba mumulemba pa index 2, kenako pofika pa 7 wachiwiri mukayang'ana m'mbuyo malo awiri mupeza 7 yemwe mwangolemba nokha uja, ndiye mumutaya pomwe amayenera kutsala. Mukafananiza ndi nums[k-2], k akuyambira pa 2, vutoli kulibe, chifukwa mukufunsa mbali yomwe mwakonza kale osati malo omwe mwina alembedwa pamwamba. Ndipo akati katatu mungosintha kukhala nums[k-3], k akuyambira pa 3.

Chomwe ndimafunsa pa sitepe iliyonse tsopano ndi chakuti kumanzere kwa k kuli bwino kapena ayi. Ngati kuli bwino ndisanawerenge nambala, ndipo kukhalabe bwino ndikaiwerenga, code ndi yolondola. Komanso k sangapitirire i, ndiye palibe nthawi yomwe cholemba chingaononge nambala yomwe chowerenga sichinafikepo.